Akuti kagalu kanga kachitidwe opareshoni ya bondo, ndithandizeni maganizo

Amake Popi (Lolemba, 20:14)
Moni nonse. Mundipirire, ndilemba zambiri chifukwa mutu wanga sukugwira. Ndili ndi kagalu kakakazi, ka Maltese kosakanizika, dzina lake Popi. Ali ndi miyezi 8, amalemera makilo 3 basi. Mwezi watha anayamba kachitidwe kena: akamathamanga pabwalo amangonyamula mwendo wakumbuyo wakumanja, n'kudumpha ndi miyendo itatu, kenako amautambasula mwamphamvu, basi wayambanso kuyenda bwinobwino. Salira ayi. Koma masiku ano mwendowo sakuupondera kwenikweni, akaima amapinda bondo ndipo phazi limaloza mkati.

Lero ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto kuno ku Lilongwe. Amugwiragwira, amujambula ekisire, akuti kafupa kapabondo kamachoka m'malo mwake n'kugwera chamkati. Papepala alemba kuti medial patellar luxation, kumanja grade 3, kumanzere grade 1. Akuti wakumanjawo achitidwe opareshoni Lachisanu. Ine chikundiopsa ndi mankhwala ogonetsa aja. Kanthu kakang'ono chonchi kadzadzuka? Ndiye ati adula fupa, aika tizitsulo. Alipo anadutsamo m'zimenezi?

Madala a ku Mitundu (20:31)
Mayi pepani, koma ine zandidabwitsa. Galu opareshoni ya bondo? Kuno galu akathyoka mwendo amakagona pansi pa nkhokwe, pakapita sabata zingapo wadzuka yekha. Tiger wanga anagundidwa ndi njinga yamoto chaka chatha, lero akupirikitsa mbuzi za eni m'munda. Ndalamazo bwanji osagula feteleza, mvula ili pafupi.

Anaphiri (20:33)
Kkkkk Madala mwayambapo

Admin (20:35)
Madala, feteleza tikambirana kwina. Mayiwa afunsa za bondo.

Dokotala Wamawa (20:58)
Amayi, ine ndikadali pasukulu, ndikuphunzira udokotala wa ziweto ku LUANAR, ndiye mawu omaliza akhale a dokotala amene wamugwira Popi ndi manja. Koma ndifotokozeko kuti mudziwe chimene mukuvomera.

Kafupa kapabondo kali mkati mwa mtsempha waukulu wochokera ku minofu ya pantchafu, womwe umakamatirira pamwamba pa fupa la msongolo. Kumapeto kwa fupa la ntchafu kuli kangalande, ndipo kafupako kamayenda chokwera ndi kutsika m'menemo galu akamapinda ndi kuwongola mwendo. Agalu ang'onoang'ono ambiri, monga Maltese, Pomeranian, Yorkshire terrier, Chihuahua ndi timapudulo, amabadwa kangalandeko kali kosazama, komanso pamene mtsempha uja wamatirira pamakhala popendekera mkati. Ndiye mtsempha ukakoka, kafupa kamalumpha mphepete. Zili ngati tcheni cha njinga chikamaguluka: mukhoza kuchibwezera ndi chala, koma ngati magiya sali pamzere umodzi chigulukanso mukangopalasa. Kutambasula mwendo kumene mumaona kuja, ndi Popi akudzibwezera yekha kafupako.

Magiredi alipo anayi. Pa 1, kafupa kamachoka pokhapokha dokotala akakankha ndi chala, akasiya kamabwerera. Pa 2, kamachoka kokha nthawi zina, n'kubwerera galu akawongola mwendo. Pa 3, kamakhala kunja nthawi zambiri, mukakabwezera kamachokanso. Pa 4, kali kunja mpaka kalekale, ngakhale kukankha sikalowa. Giredi 1 sachita opareshoni. Giredi 2 amaona ngati galuyo akutsimphina pafupipafupi. Koma 3 ndi 4 pa galu amene akukulabe, kudikira kumawonjezera vuto, chifukwa mtsempha umakoka mafupa anthete mokhota, iwo n'kukula ali okhota.

Madala a ku Mitundu (21:06)
Mwana wanga wafotokoza bwino, koma sunandiyankhe. Wangayu anachira bwanji opanda mpeni?

Dokotala Wamawa (21:12)
Madala, fupa lothyoka limalumikizana lokha ngati zidutswa zayandikana, ngakhale nthawi zina limalumikizana mokhota. Apa palibe chothyoka choti chilumikizane. Ndi kapangidwe ka mwendo. Ngakhale Popi atagona chaka chonse, kangalande sikazama. Mukunena zoona kuti sangafe nazo, agalu ambiri amakalamba akudumphira miyendo itatu. Koma kafupa kakamakhulana ndi mphepete tsiku ndi tsiku, chichereŵechereŵe chimaperepeseka, nyamakazi imalowa msanga, ndipo kamtsempha kena kamkati mwa bondo kamakhala pachiopsezo choduka. Tsono mwendo winawo nawonso si wangwiro. Pafupifupi theka la agalu a vutoli amakhala nalo mawondo onse awiri.

Achimwene a ku Joni (21:40)
Ine ndaziona izi ndi maso. Ndimagwira ntchito ya panyumba kuno ku Pretoria, ndipo agalu a abwana ndimasamala ndine. Boerboel wathu anayamba kutsimphina, anamutengera ku Onderstepoort, kuchipatala cha yunivesite kuja, anamuchita yotchedwa TPLO. Anabwera atametedwa mwendo wonse, mkati muli chitsulo ndi masikuluwu. Asisi, ndikuuzeni, tsiku la opareshoni si ndiye lovuta. Madokotala ntchito yawo amaimaliza tsiku lomwelo. Yanu imayamba mukafika naye kunyumba. Galu akangomva kuti ululu wachepa amafuna kuthamanga, fupa lisanagwirane. Wathuyu pa sabata yachitatu anangomva belu la pageti, anandikoka ndi chingwe mpaka ndinakagwera m'maluwa. Mwayi chitsulo sichinasunthe.

Amake Popi (21:44)
Ndiye TPLO imeneyo ndi yomwe amuchite Popi? Dokotala sanatchule dzina limenelo.

Dokotala Wamawa (21:57)
Ayi amayi, bondo ndi lomwelo koma matenda ndi osiyana. TPLO ndi ya galu amene kamtsempha kamkati mwa bondo kaduka, zomwe zimachitika kwambiri kwa agalu akuluakulu olemera ngati Boerboel, Rottweiler ndi Labrador. Anaiyambitsa dokotala wa ku America, Barclay Slocum, ndipo inafala kuyambira m'ma 1990. Amadula mutu wa fupa la msongolo mozungulira n'kuutembenuza pang'ono.

Ya Popi kawirikawiri amachita zinthu zitatu kapena zinayi nthawi imodzi. Amazamitsa kangalande kaja: amadula kachigamba kapamwamba kamene kali ndi chichereŵechereŵe, amakumba fupa pansi pake, n'kukabwezera pomwepo, ndiye kamakhala chotsika. Amadula kansonga ka fupa kamene mtsempha wamatirirapo, n'kukasunthira chakunja kuti mzere uwongoke, n'kukakhoma ndi tizitsulo tiwiri tating'ono, nthawi zina ndi waya. Kenako amamasula minofu yamkati yomwe yakungika, n'kumanga yakunja yomwe yakhwepa. Chofunika kufunsa ndi ichi: pa miyezi 8, malo amene fupa limakulira pansi pa kansongako atsekeka? Ekisire imaonetsa. Ngati sanatsekeke, madokotala ena amadikirako pang'ono kapena amasintha njira, kuopa kusokoneza kakulidwe ka mwendo. Mufunse, sakwiya.

Nabanda wa ku Leeds (22:30)
Asisi, ndiyankhepo za mantha a mankhwala ogonetsa, chifukwa inenso ndinasowa tulo pamene Yorkie wanga ankapita. Kuno ku Britain kunachitika kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2008, ndipo anapeza kuti mwa agalu athanzi amene agonetsedwa, amene amafa ndi pafupifupi mmodzi pa 2,000. Odwala kale ndiye chiwerengero chimakwera, ndipo tiagalu tosakwana makilo 5 timafuna kusamala kwambiri. Koma chiwerengerocho ndi cha zipatala za kuno, musangochinyamula. Chimene chingakuthandizeni ndi kufunsa mafunso: amuika kapaipi kopumira ndi okosijeni? Amuika diripi? Pali munthu amene ntchito yake ndi kungoyang'ana mtima ndi kapumidwe, osati yemwe akudulayo? Amufunditsa bwanji, chifukwa tiagalu tating'ono timazizidwa msanga tikagona? Akayankha mosazengereza, mtima ukhale pansi.

Za ndalama sindinena, ife inatilipirira inshuwalansi, ndipo inalipira chifukwa tinalembetsa vuto lisanaoneke. Akanakhala atatsimphinapo kale akanakana.

Anaphiri (22:34)
Mufunsenso za jenereta. Magetsi athuwa akhoza kuthima bondo lili chotsegula.

Dokotala Wamawa (22:41)
Anaphiri anena zenizeni ngakhale anthu aseka. Ndiwonjezere china cha kwathu kuno chimene a ku Leeds sachiganizira kwambiri: nkhupakupa. Matenda amene zimafalitsa ena amachepetsa magazi, ena amachititsa kuti magazi asaundane msanga. Galu akhoza kuoneka wathanzi ali nawo. Apempheni ayeze magazi Lachisanu lisanafike. Inunso mutukule mlomo wake muone nkhama, zikhale zofiirira bwino, osati zotuwa. Za kumumana chakudya mutsatire ola lomwe dokotala wanena, musawonjezere maola poganiza kuti mukuthandiza. Kagalu ka makilo 3 shuga amatsika msanga.

Bwana Agalu (Lachiwiri, 06:52)
Ine ndimaweta ma Maltese ndi kugulitsa, ndipo ndikuona ngati mukuwaopseza mayiwa. Nthawi zambiri tiagalu timeneti timavulala chifukwa cholumpha pa sofa kapena ana kutigwetsa. Si za kubadwa nazo ayi. Mupatseni calcium, alimba.

Dokotala Wamawa (07:20)
Bwana, kugwa kukhoza kuchotsa kafupako, inde, koma galu wotero amalira ndi kutupa tsiku lomwelo. Uyu zayamba pang'onopang'ono, mawondo onse awiri, mtundu wake ndi womwewo wodziwika nazo. Zimenezi zimayenda m'magazi. Calcium sazamitsa kangalande, ndipo kuchulutsa calcium kwa galu amene akukula kumasokonezanso mafupa. Galu wa vutoli sayenera kuberekedwetsa, ndipo makolo amene atulutsa ana otere ndi bwino kuwapumitsa.

Bwana Agalu (07:24)
Anga onse ndi abwinobwino.

Nabanda wa ku Leeds (07:31)
Munawayezetsa mawondo, kapena mukunena poti amayenda? Dokotala amangogwira ndi zala, sizitenga mphindi zisanu.

Amake Popi (12:15)
Popi sindinamugule kwa Bwana Agalu, musawaunjikire. Ndinamugula kwa mnyamata wina pamsewu, ali m'katoni, makolo ake sindinawaone. Ndabwerako kwa dokotala ndi mafunso anu nditalemba papepala. Anaseka, akuti mwabwera ndi mayeso. Andionetsa ekisire, akuti malo okulira aja atsala pang'ono kutsekeka ndipo ayika tizitsulo mosamala, koma kudikira miyezi ina sakufuna chifukwa fupa la ntchafu layamba kale kupindika. Anandiuzanso mosabisa kuti nthawi zina kafupa kamadzachokanso ngakhale opareshoni itayenda bwino, ndiponso tizitsulo tikhoza kudzasuntha n'kufunika kutichotsa. Magazi atenga. Jenereta ilipo, Anaphiri. Bambo akunyumba ali mbali ya Madala, koma avomera.

Madala a ku Mitundu (12:40)
Bambowo muwapatse moni wanga.

Achimwene a ku Joni (13:05)
Asisi konzekeranitu nyumba lero, musadikire Lachisanu. Pezani kheji yoti akhoza kuimirira ndi kutembenuka basi, osati yoti azithamangamo. Muyambe kumudyetsera momwemo kuyambira lero kuti asadzaione ngati ndende. Ngati muli ndi matailosi kapena simenti yopolisha, yalani mphasa kapena makapeti panjira yopita panja, poterera ndi pamene mwendo umatagadza. Sofa, bedi ndi masitepe aiwale. Ndipo ana muwakhazike pansi muwauze bwino, chifukwa amene amatsegula kheji ndi ana, akamva kagalu kakulira.

Amake Popi (Lachisanu, 09:02)
Ndamusiya. Anandiyang'ana mpaka chitseko kutsekeka. Ndili mu ofesi koma sindikuona chimene ndikulemba.

Anaphiri (09:04)
Limbani mtima asisi, tili nanu.

Amake Popi (14:47)
Aimba foni! Wadzuka, akuti wanyambita kale dzanja la nesi. Agona konko lero, ndikamutenga mawa.

Nabanda wa ku Leeds (14:49)
Ambuye ndi abwino. Tsono kadyeni, ndikudziwa simunadye.

Amake Popi (Lamulungu, 23:18)
Abale alipo ali maso? Mwendo watupa, osati pabondo pokha, mpaka kumunsi cha kuchidendene, ndipo khungu pomwe anameta lachita zofiira ndi zakuda. Mwendowo sakuupondera n'komwe. Chibwerereni sanachite chimbudzi. Akungolira chapansipansi. Foni ya kuchipatala sikuyankhidwa. Ndatani ine?

Anaphiri (23:21)
Mwina ndi ululu. Muli ndi Brufen kapena Indocid? Dulani kachidutswa mumupatse agone.

Dokotala Wamawa (23:23)
AYI. Amayi musamupatse. Brufen, Indocid, diclofenac, zonsezo kwa galu zimaboola chifu ndi kuwononga impso, ndipo pa makilo 3 kachidutswa kamene mukuona ngati kakang'ono ndi kochuluka. Komanso mwina ali kale pa mankhwala a mtundu womwewo, kuphatikiza ndiye ngozi yeniyeni. Panado nayenso musapereke popanda dokotala kukuuzani mulingo, ndipo kwa mphaka musayerekeze n'komwe, amapha. Anakupatsani chiyani?

Amake Popi (23:26)
Meloxicam wamadzi, kamodzi patsiku ndi chakudya, ndi timapiritsi tina ta ululu kawiri patsiku. Ndamupatsa zonse munthawi yake.

Dokotala Wamawa (23:35)
Chabwino. Ndiyankheni izi. Pabala pakutuluka mafinya kapena fungo? Ulusi wamasuka? Nkhama zili bwanji? Wadya, wamwa madzi, wakodza? Wasanza? Mugwire zala za mwendowo, ndi zofunda?

Amake Popi (23:41)
Mafinya palibe, bala ndi louma, ulusi uli bwino. Nkhama zofiira. Wadya theka, wamwa, wakodza kawiri. Sanasanze. Zala ndi zofunda.

Dokotala Wamawa (23:52)
Ndiye pumani. Kutupa kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo madziwo amatsikira kumunsi kwa mwendo, n'chifukwa chake mukuona kuchidendene. Mitundu ya pakhunguyo ndi magazi ogwera mkati, imazimirira yokha. Kusachita chimbudzi masiku awiri kapena atatu n'kwachizolowezi, anakhala ndi njala ndipo mankhwala amachedwetsa matumbo. Tengani ayisi mukulunge m'kansalu, musamuike mwachindunji pakhungu, mugwirizire pabondo mphindi 10. Mawa m'mawa muimbebe foni, muwatumizire chithunzi, ndipo muwauze za kulirako, mwina asintha mankhwala a ululu. Zoti musadikire nazo kucha ndi izi: bala kutseguka, magazi osasiya, nkhama kutuwa, kusanza mobwereza, chimbudzi chakuda bii, kapena kulefuka osadzutsa mutu. Chimbudzi chakuda kapena kusanza zikaoneka, meloxicam muyambe mwasiya.

Anaphiri (23:55)
Pepani, Brufen yo ndabweza. Ife timangopatsa agalu akumudzi.

Achimwene a ku Joni (Lolemba, 05:40)
Kulirako nthawi zina si ululu, ndi kolala ya pulasitiki ija yomwe amamuveka m'khosi kuti asanyambite bala. Amadana nayo koopsa, amagunda nayo makoma, kudya kumavuta. Koma musamuvule usiku, ngakhale akuyang'aneni momvetsa chisoni bwanji. Kunyambita kwa usiku umodzi kumatha kumasula ulusi wonse. Pakudya pokha ndi pamene mungamuvule, inu mutakhala pomwepo. Mukwezereko mbale pang'ono.

Madala a ku Mitundu (06:10)
Koma malovu a galu si mankhwala? Ife tinakula tikuuzidwa kuti galu amadzichiza ndi lilime.

Dokotala Wamawa (06:32)
Madala, m'kamwa mwa galu muli tizilombo tambiri, ndipo pansi pa bala ili pali fupa lodulidwa ndi zitsulo. Tizilombo tikafika pachitsulo timamatirira, mankhwala amavutika kutichotsa, mpaka nthawi zina amachita kutsegulanso. China amayi, zofunda za Popi mukachapa n'kuyanika panja muzizisita, makamaka mvula ikayamba. Ntchentche zija zoikira mazira pansalu zonyowa, mphutsi zake zimalowa pakhungu la tiagalu mosavuta. Kumusambitsa dikirani ulusi uchoke.

Amake Popi (10:20)
Dokotala waona chithunzi, akuti zili m'malo mwake, wasinthako pang'ono nthawi ya timapiritsi. Ndipo uthenga wabwino, wachita chimbudzi. Sindinaganizepo kuti ndingadzasangalale ndi zimenezi mpaka kuimbira bambo ali kuntchito.

Nabanda wa ku Leeds (10:26)
Kkkk takulandirani m'gulu lathu. Chakudya muchepetseko pang'ono pomwe ali mu kheji, osamupepesa ndi zotsala za patebulo. Wanga ananenepa nthawi imeneyi ndipo dokotala anandikalipira, akuti pa kagalu kakang'ono theka la kilo ndi katundu wamkulu pabondo.

Amake Popi (patapita sabata ziwiri, Loweruka, 16:05)
Ndabwera kudzapereka lipoti. Ulusi achotsa, bala lapola bwino, kolala avula. Akupondera mwendo akamayenda pang'onopang'ono, akafulumira amaunyamula. Atiphunzitsa kumugoneka chammbali n'kumapinda ndi kuwongola bondo mofatsa, ndi kumuyendetsa pachingwe mphindi zisanu, kawiri kapena katatu patsiku, pang'onopang'ono kwambiri kuti akakamizike kuponda. Ekisire ina ndi pa sabata ya 6, ndipo mpaka pamenepo kheji ikupitirira. Vuto tsopano ndi lomwe Achimwene a ku Joni ananena. Iye akudziona kuti wachira. Akukanda kheji, akuuwa, dzulo ndapeza mwana wanga wamng'ono wamutsegulira, ali pa sofa awiriwiri. Momwe anakwerera palibe akunena. Bambo ake nawo ayamba kuti mukumuzunza, mutulutseni azithamanga pabwalo.

Dokotala Wamawa (16:22)
Bala lakunja limapola m'masiku 10 mpaka 14, koma fupa lodulidwa limafuna sabata 6 mpaka 8. Pakali pano kansonga kaja kakugwiridwa ndi tizitsulo tokha, ndipo minofu yonse ya ntchafu imakoka pomwepo akalumpha. Kakazuka, ndi opareshoni ina. Bambo muwauze mtengo wake, amva msanga. Ngati kuchokera dzulo akupondera monga kale, palibe kutupa kwatsopano, mwina mwapulumuka, koma Lolemba mutchule kwa dokotala. Akakhala wosagwirika ndithu, alipo mankhwala omufatsitsa amene dokotala angalembe.

Madala a ku Mitundu (16:40)
Pa izi zokha ndili mbali ya mayi. Mwalipira kale, musatayenso ndalama chifukwa cha sofa.

Achimwene a ku Joni (17:02)
Kheji muisunthire pomwe anthu amakhala, pabalaza kapena pakhomo la khitchini, aziona anthu akudutsa. Akakhala yekha kuchipinda ndiye amapenga. Chakudya musamamupatse m'mbale chonse, china muzimwaza pa thawulo n'kulikulunga, azifunafuna ndi mphuno, amatopa nazo kuposa mmene mungaganizire. Popita naye panja chingwe chikhale chachifupi ngakhale ndi pabwalo panu, nkhuku imodzi ikangodutsa zatha. Ndipo pakachitseko ka kheji gulani kaloko kakang'ono, kiyi muzipita naye kuntchito.

Amake Popi (17:09)
Kiyi ndikapita naye masana atuluka bwanji kukakodza? Ndisiyira mtsikana wantchito, yekhayo ndi amene akumvera malamulo m'nyumba muno.